Khola la chisanu ndi dzanja la dzuwa

Mu Febuluwale 1814 anthu a mumzinda wa London anaona njovu ikuyenda pamwamba pa mtsinje. Inkaponda ndi mapazi ake onse anayi pamadzi a mtsinje wa Thames, pafupi ndi mlatho wa Blackfriars, madziwo ataundana n'kuuma gwa ngati thanthwe. Amene munaonapo njovu ku Liwonde ikugwetsa mtengo ngati ikuthyola bango mukudziwa kulemera kwa chinyama chimenechi, ndipo mutha kuganizira kuti kunazizira motani kuti madzi achisenze. Pamtsinje pomwepo panali msika wa masiku angapo: ena akuotcha nyama, ena akugulitsa zakumwa, ena akusindikiza timapepala ta chikumbutso. Zaka 130 m'mbuyo mwake, m'nyengo yozizira ya 1683 kulowa 1684, mtsinje womwewo unaundana pafupifupi miyezi iwiri, ngolo za akavalo n'kumadutsa pamene pankayenda mabwato.

Nyengo ziwirizi zikufanana pa chinthu chimodzi. Zonse zinagwa pa zaka zimene dzuwa linali phee, nkhope yake ili ndi mawanga ochepa kuposa masiku onse. Kuyambira kale anthu ophunzira akhala akufunsa ngati zimenezi zinangokumanizana, kapena ngati dzuwa lili ndi dzanja pa kuzizira kwa maiko a kumpoto. Yankho limene likupezeka lero ndi losangalatsa, ndipo munthu amene anakulira pafupi ndi khola, nkhokwe ndi mafuwa atha kulimvetsa bwino lomwe.

Nkhanga ya kumwamba

Dzuwa timaliona ngati mbale yoyera yopanda banga. Koma likajambulidwa ndi makina oonera zakutali okhala ndi zotchingira kuwala, limaoneka ndi mawanga akuda ngati a nkhanga. Musayese kuliyang'ana ndi maso anu, chifukwa limawononga maso mosachedwa. Mawangawo ndi malo amene mphamvu ya maginito ya dzuwa yapotana n'kumangana mfundo, ndipo pamalo otero kutentha kochokera mkati kumavutika kutuluka. Pamatenthabe madigiri oposa 3,000, koma pamaoneka pakuda chifukwa pozungulira pake pamafika madigiri pafupifupi 5,500. Banga limodzi lalikulu litha kumeza dziko lapansi lonse n'kutsala malo.

Munthu amene anazindikira kuti mawangawa ali ndi nyengo yake anali wogulitsa mankhwala wa m'tauni ya Dessau ku Germany, dzina lake Heinrich Schwabe. Tsiku lililonse kumwamba kukayera ankawerenga mawanga n'kulemba m'buku, kwa zaka 17, ndipo mu 1843 anaona kuti amachuluka kenako n'kuchepa mobwerezabwereza. Lero tikudziwa kuti kuzungulira kumeneku kumatenga zaka pafupifupi 11. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuzungulira kumene tilimo tsopano ndi kwa nambala 25, kunayamba mu Disembala 2019, ndipo mu Okutobala 2024 mabungwe a NASA ndi NOAA a ku America analengeza kuti dzuwa lafika pachimake.

Nthawi zina dzuwa limagona tulo tatitali. Kuyambira cha m'ma 1645 mpaka 1715 mawanga anasowa pafupifupi kotheratu, moti woyang'ana kumwamba ankatha zaka osaona ngakhale limodzi. Nyengo imeneyi imatchedwa Maunder Minimum, pokumbukira Walter Maunder ndi mkazi wake Annie, amene anafufuza zolemba zakale ku Greenwich. Kuundana kwa Thames kwa 1684 kunagwa pakati penipeni pa tulo timeneti. Njovu ya 1814 nayo inayenda pamadzi m'nyengo ina ya mawanga ochepa, yotchedwa Dalton Minimum.

Ufa ndi mchere

Ganizo loyamba limene limabwera m'mutu ndi lakuti dzuwa likagona ndiye kuti moto wake wachepa, monga mbaula imene makala ake akunyeka, ndipo onse okhala m'nyumba amayamba kunjenjemera. Ganizoli linayesedwa. Kuyambira 1978 masetilaiti akhala akuyeza mphamvu yonse yochokera kudzuwa isanalowe mumpweya wathu. Pamalo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi pamagwa mawati pafupifupi 1,361. Kuchokera pamene mawanga achepetsetsa kufika pamene achulukitsitsa, mphamvuyi imasintha ndi wati imodzi yokha kapena kupitirira pang'ono, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo 1,000.

Tengani thumba la chimanga la makilogalamu 50, mutapepo kadzanja kamodzi ka magalamu 50. Wolisenza sangadziwe kuti mwatapapo, ngakhale wa kuchigayo sangadandaule. Umo ndi mmene moto wa dzuwa umachepera. Kutentha kwa dziko lonse kumakwera kapena kutsika ndi gawo limodzi lokha mwa magawo khumi a digiri. Kadzanja kotere sikangaumitse mtsinje mpaka kusenza njovu.

Komabe kuwala kwa dzuwa kuli ndi mitundu yambiri, monga mmene chakudya cha banja chimakhalira ndi ufa, ndiwo ndi mchere. Mukachepetsa ufa ndi kadzanja kamodzi mumphika waukulu wa nsima, palibe amene angazindikire. Koma muwonjezere mchere pang'ono chabe m'ndiwo, aliyense wokhala pamphasa amva. Mchere wa dzuwa ndi kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa ultraviolet. N'kochepa kwambiri poyerekeza ndi kuwala konse, koma ndi kumene kumasintha kwambiri dzuwa likagalamuka kapena likagona. Mbali yake imene imapanga mpweya wa ozoni imakwera ndi kutsika ndi magawo angapo pa 100 alionse, kuposa kuwala konse maulendo makumimakumi.

Mchere umenewu sufika wonse pansi pano. Umathera m'mwamba, m'chigawo cha mpweya chotchedwa stratosphere, chimene chimayambira makilomita 10 kapena 15 kuchokera pansi n'kukafika makilomita 50. Kumeneko ndi kumene kuli ozoni, amene amayamwa ultraviolet n'kutenthedwa naye. Dzuwa likakhala pachimake, ozoni amachuluka pang'ono, ndipo mpweya wa pamwamba pa stratosphere, makamaka pamwamba pa maiko otentha ngati athu, umafunda ndi digiri imodzi kapena kupitirirapo. Joanna Haigh wa ku Imperial College London anaonetsa mu 1996, pogwiritsa ntchito makompyuta oyerekezera nyengo, kuti kusintha kwa m'mwamba kumeneku kutha kusuntha mphepo za pansi. Funso ndi lakuti digiri imodzi ya kutali chotero imatsika bwanji mpaka kufika pakhomo la munthu wa ku Manchester kapena ku Berlin.

Ng'ombe za chisanu

Apa ndi pamene tiyenera kulowa m'khola. Kumpoto kwenikweni kwa dziko, nyengo yozizira ikafika, dzuwa limalowa osatulukanso kwa miyezi. Mpweya wa kumeneko umazizira koopsa, pamene wa kufupi ndi ikweta ukali wofunda. Kusiyana kumeneku, pamodzi ndi kuzungulira kwa dziko, kumabala chimphepo champhamvu chimene chimathamanga kuchokera kumadzulo kupita kummawa, kuzungulira dera lonse la mdimalo m'mwamba mwa stratosphere. Liwiro lake litha kupitirira makilomita 200 pa ola. Akatswiri amachitcha polar vortex. Ife tingochitcha mpanda wa khola, ndipo ng'ombe zimene zili mkatimo ndi mpweya wozizira.

M'munsi mwa mpandawu, pamtunda wa makilomita pafupifupi 10 pamene pamauluka ndege, pali mtsinje wina wa mphepo wotchedwa jet stream. Ndi umene umachititsa kuti ndege yochoka ku New York ifike msanga ku London kuposa pobwerera. Mpanda wa m'mwamba ukakhala wolimba, kawirikawiri mtsinje wa m'munsiwu umayenda molunjika ndi mwamphamvu kudutsa nyanja ya Atlantic, n'kumakankhira ku Britain ndi kumpoto kwa Ulaya mpweya wofunda wa panyanja, wodzaza mvula ndi mkuntho. Ng'ombe zili m'khola, anthu akugona mwamtendere ngakhale madenga akudontha. Mpanda ukafooka, mtsinjewo umayamba kukhotakhota ngati Shire akamayandikira ku Nsanje. Nthawi zina umatsekeka kwa milungu, mphepo n'kutembenuka kuyamba kuchokera kummawa, ku Siberia, kapena kumpoto. Ng'ombe zatuluka.

Oyeza nyengo ali ndi sikelo yodziwira zimenezi. Amayerekeza kulemera kwa mpweya pamwamba pa Iceland ndi pamwamba pa zilumba za Azores. Kusiyana kukakhala kwakukulu, mphepo ya kumadzulo imalimba. Kukachepa, imafooka. Kupendekeka kwa sikelo imeneyi kumatchedwa North Atlantic Oscillation, mwachidule NAO, ndipo ndi kumene kumalamula kwambiri ngati Disembala, Januwale ndi Febuluwale a ku Ulaya akhale a matope kapena a chipale.

Pali mfundo imene mwini ng'ombe aliyense amaidziwa. Ng'ombe zikathyola khola sizichuluka. Zimene zikudya m'munda wa mnansi ndi zomwezo zimene zikusowa m'khola. Chisanu chikatsikira ku Ulaya, kwina kumafunda. M'nyengo yozizira ya 2009 kulowa 2010 sikelo ya NAO inapendekeka koposa mmene inachitirapo m'zolemba zambiri. Britain inakwiririka ndi chipale, pamene Canada inaona nyengo yozizira yofunda kuposa zonse zimene zinali zitalembedwa kumeneko, ndipo kumadzulo kwa Greenland kunafundanso modabwitsa. Disembala wa 2010 anali wozizira kuposa a Disembala onse ku Britain pa zaka 100, komabe chaka chomwecho cha 2010 chinali chimodzi mwa zaka zotentha kwambiri padziko lonse. Abale athu amene anali ku Leeds, ku Glasgow kapena ku Nottingham zaka zimenezo amakumbukira mabasi ataima ndi mipope itaundana. Ndipo zonsezi zinachitika dzuwa litangotuluka m'tulo takuya kuposa tonse pa zaka pafupifupi 100: mu 2008 ndi mu 2009, chaka chilichonse chinali ndi masiku oposa 250 opanda banga ndi limodzi lomwe.

Dzanja loyamba: kumanga luzi

Mpanda wa khola umalimba chifukwa cha kusiyana kwa kutentha pakati pa ikweta ndi dera la mdima. Dzuwa likakhala pachimake, ultraviolet amafunditsa m'mwamba mwa ikweta, koma sangafike kumene kuli usiku wa miyezi. Kusiyanako kumakula, ndipo mphepo ya m'mwambamwamba imawonjezera liwiro pang'ono kumayambiriro kwa nyengo yozizira. Zili ngati munthu wakoka luzi lomangira mitengo ya pamwamba pa khola.

Khola limenelo lili ndi adani. Mphepo ya pansi ikagunda mapiri aakulu monga Rockies ndi Himalaya, kapena ikachoka panyanja yofunda kulowa pamtunda wozizira, imabala mafunde akuluakulu a mpweya amene amakwera m'mwamba n'kukamenya mpanda, monga afisi okankha mitengo usiku. Mpanda wolimba umawabweza mafundewo kuti alowere kwina, ndipo ukawabweza umalimbiratu. Wofooka umawalola kulowa, n'kufookeratu. Mwa njira imeneyi kusintha kochepa kwa pamwamba kumatsika pang'onopang'ono, mlungu ndi mlungu, kuchoka pa makilomita 50 mpaka kufika pamtsinje wa jet stream. Katswiri wa ku Japan Kunihiko Kodera ndi mmodzi wa amene anafotokoza katsikidwe kameneka.

Mu 2010 Mike Lockwood wa ku yunivesite ya Reading ndi anzake anatenga kaundula wa kutentha kwa chigawo chapakati cha England, amene anayamba mu 1659 ndipo ndi wakale kuposa onse padziko. Anapeza kuti nyengo zozizira kwambiri zimagwa kawirikawiri pa zaka zimene dzuwa lili phee. Chaka chotsatira, Sarah Ineson ndi anzake a ku Met Office anachepetsa ultraviolet m'kompyuta yawo yoyerekezera nyengo, ndipo chithunzi chimene chinatuluka chinali cha khola lothyoka: kumpoto kwa Ulaya ndi mbali ya United States kozizira, kummwera kwa Ulaya ndi Canada kofunda, kutentha kwa dziko lonse kosasintha kwenikweni. Lesley Gray wa ku Oxford ndi anzake anawonjezera mu 2013 kuti chizindikirochi chimaoneka bwino patapita zaka ziwiri mpaka zinayi. Chifukwa chake n'chodziwika kwa mayi aliyense amene amaphikira mumphika wadothi: mukauphula, nyemba zimapitiriza kubwata. Nyanja ya Atlantic ndiyo mphikawo. Imasunga zimene mphepo ya chaka chino yachita n'kuzibwezera kumpweya chaka chamawa.

Dzanja lachiwiri: anankafumbwe a mumdima

Kuwonjezera pa kuwala, dzuwa limauzira tizidutswa tating'onoting'ono tokhala ndi mphamvu ya magetsi, timene timathamanga makilomita 400 pa sekondi, nthawi zina kuwirikiza kawiri. Imeneyi ndi mphepo ya dzuwa. Dziko lathu lili ndi chishango chake, mphamvu ya maginito yochokera ku chitsulo chosungunuka chimene chili pakati pake, yomwe ija imalozetsa singano ya kampasi kumpoto. Mphepo ya dzuwa ikawomba mwaukali chishangochi chimanjenjemera, ndipo kunjenjemera kumeneko ndi kumene kumatchedwa mkuntho wa maginito. Mu Seputembala 1859 mkuntho wotere unachititsa kuti mawaya a telegalafu athetheke moto. Pa 13 Malichi 1989 unazimitsa magetsi m'chigawo cha Quebec ku Canada kwa maola asanu ndi anayi. Mu Meyi 2024 kuwala kofiira kwa aurora kunaoneka usiku mpaka kugombe la kummwera kwa South Africa, dziko limene lili ndi malo oyezera zimenezi m'tauni ya Hermanus.

Chishangochi chimatsogolera tizidutswato kunsonga ziwiri za dziko, kumpoto ndi kummwera, kumene timagwera mumpweya ngati madzi otsata ngalande. Tikagunda mpweya wa pamtunda wa makilomita 60 mpaka kupitirira 100, timaswa nayitrojeni ndi okosijeni, ndipo zidutswazo zikalumikizana mwatsopano zimapanga mpweya wotchedwa NOx. Mpweya umenewu umadya ozoni. Kachidutswa kamodzi kamaswa ozoni, n'kutuluka kali bwinobwino, n'kukaswanso wina, mobwerezabwereza.

Ganizirani anankafumbwe. Mukayala chimanga pamkeka padzuwa la masana, mumawaona akutuluka m'maso a chimanga n'kumathawa. Koma m'thumba lomanga limene lili pakona ya nyumba yamdima amakhazikika, amaboola, mpaka pofika Disembala mukatsegula mupeza ufa wokhawokha pansi. NOx naye amaphwanyidwa msanga ndi kuwala kwa dzuwa m'mwambamo. Koma mu usiku wa miyezi wa kunsonga ya dziko amakhala nthawi yaitali. Mpweya wa mkati mwa khola lija umatsika pang'onopang'ono nyengo yonse yozizira, ndipo umamutenga n'kumutsitsira mu stratosphere, m'nkhokwe ya ozoni. Masetilaiti anaona zimenezi zikuchitika, makamaka pambuyo pa mikuntho ikuluikulu ya mu Okutobala ndi Novembala 2003.

Ozoni akachepa mkati mwa khola, katenthedwe ka mpweya wa kumeneko kamasintha, ndipo dzuwa likamabwerera kumapeto kwa nyengo yozizira pamakhala ozoni wochepa woti ayamwe kuwala. Mkati mukazizira kwambiri, kusiyana ndi kunja kumakula, mpanda n'kulimba. Mu 2009 Annika Seppälä wa ku Finland ndi anzake anayerekeza zaka za mikuntho yambiri ya maginito ndi zaka zabata, n'kupeza kuti kutentha kwa pansi m'madera ena a kumpoto kumasiyana ndi madigiri angapo, kwina kofunda, kwina kozizira. Ofufuza a ku yunivesite ya Oulu, ku Finland komweko, anaonanso kuti sikelo ya NAO imakonda kupendekera ku nyengo yofunda pa zaka zimene mawanga ayamba kuchepa atadutsa pachimake. Zaka zimenezo ndi zomwe mphepo ya dzuwa yothamanga kwambiri imawomba kawirikawiri. Choncho manja awiriwa, la kuwala ndi la maginito, sagwira luzi nthawi imodzi, ndipo n'chifukwa china chimene chimavutitsa kuwasiyanitsa.

Chala chimodzi sichiswa nsabwe

Amene wamva zonsezi atha kufuna kutenga kalendala ya mawanga n'kuyamba kulosera. Asafulumire. Nyengo yozizira ya 1685 kulowa 1686, patangopita zaka ziwiri Thames itaundana, dzuwa likadali m'tulo tomwe tija, inali imodzi mwa nyengo zofunda kwambiri m'kaundula yense wa England. Chaka cha 2019 chinali ndi masiku opanda mawanga ochuluka kuposa 2008, koma nyengo yozizira yotsatira khola linalimba modabwitsa, Ulaya anafunda, ndipo Febuluwale wa 2020 anagwetsa mvula yochuluka kuposa a Febuluwale onse olembedwa ku Britain. Ngakhale kuundana kwa Thames kunali ndi chifukwa china chapansi pompano. Mlatho wakale wa London unali ndi mizati yambiri yoyandikana imene inkachedwetsa madzi ngati damu. Utagwetsedwa kuyambira 1831, ndipo magombe atamangidwa, madzi anayamba kuthamanga, ndipo msika wa pamadzi oundana sunachitikenso.

Okoka luzi la kholali ndi ambiri. El Niño, amene ife timamudziwa ndi chilala, amatumiza mafunde ake kumpoto. Mapiri ophulika amaponya fumbi m'mwamba, monga linachitira phiri la Tambora ku Indonesia mu 1815, chaka chotsatira Ulaya n'kukhala wopanda chilimwe. Pamwamba pa ikweta pali mphepo imene imatembenuka, ulendo uno kummawa ulendo wina kumadzulo, pa miyezi pafupifupi 28 iliyonse. Karin Labitzke wa ku Berlin anapeza mu 1987 kuti dzanja la dzuwa limaoneka mosiyana malinga ndi kumene mphepo imeneyi yaloza. Ndipo nthawi zina afisi aja amangogwetsa mpanda mwadzidzidzi: mpweya wa m'mwamba umafunda ndi madigiri 40 kapena 50 pa masiku ochepa, monga zinachitikira mu Febuluwale 2018, ndipo patapita milungu iwiri chisanu cha ku Siberia chinakuta Britain. Kugwa kwa mpanda kotere kumachitika pafupifupi kasanu ndi kamodzi pa zaka khumi zilizonse, dzuwa ligone kapena ligalamuke.

Vuto lina ndi kuchepa kwa zaka zoyezedwa bwino. Chiyambire 1978 dzuwa lazungulira kanayi kokha n'kuyamba kachisanu. Mlimi wanzeru saweruza mbewu yatsopano ndi zokolola zinayi, pamene chaka china kunali ng'amba, china mbozi, china feteleza anachedwa. Mu 2019 Gabriel Chiodo ndi anzake anaonetsa kuti kompyuta yoyerekezera nyengo itha kutulutsa kupendekeka kwa NAO kwa zaka khumikhumi ngakhale dzuwa lake litaikidwa losasintha, ndipo anati kugwirizana kumene ena anaona kutha kukhala kongochitika mwamwayi. Mtsutso umenewu ukupitirira, ndipo ndi mmene sayansi imadziyeretsera.

Mbiri imatichenjezanso. Mu 1801 William Herschel anayerekeza mawanga ndi mtengo wa tirigu ku England. Mu 1923 C. E. P. Brooks anaona madzi a nyanja ya Victoria akukwera ndi kutsika pamodzi ndi mawanga, ndipo chaka chotsatira Frank Dixey, katswiri wa miyala wa boma la Nyasaland, anayesa muyeso womwewo pa nyanja yathu. Pasanathe zaka khumi, madzi a Victoria anasiya kutsata mawanga kwa zaka makumi angapo. Anthu awiri atha kuyenda limodzi mtunda wautali pamsewu asali pa ulendo umodzi.

Nanga chisanu chathu cha Juni?

Kummwera kwa dziko kulinso khola, pamwamba pa Antarctica, ndipo anankafumbwe a NOx amatsikamo nyengo yozizira iliyonse. Koma mpanda wake ndi wolimba kwambiri, chifukwa kuno n'kwa nyanja zambiri ndi mapiri ochepa, afisi okankha ndi ochepa. Chiyambire kuyeza, unagwa kotheratu kamodzi kokha, mu Seputembala 2002. Kuzizira kumene kumatisonkhanitsa pamoto ku Dedza, ku Mzimba kapena ku Chipata kuli ndi zifukwa zapafupi: dziko limapendekeka ndi madigiri 23.5, choncho mu Juni dzuwa limadutsa chakumpoto, masana n'kufupika. Kumwamba kopanda mitambo kumalola kutentha kuthawa usiku. Ndipo mphepo ya kummwera chakummawa imabweretsa mwera panyanja ndi chiperoni ku Thyolo ndi ku Mulanje. Mlimi wofuna kudziwa za mvula apindula kwambiri pomvera za El Niño ndi kutentha kwa nyanja ya Indian kuchokera kwa a zanyengo kusiyana ndi kuwerenga mawanga.

Pali anthu amene amatenga nkhani imeneyi n'kumati kutentha kwa dziko kumene tikuona ndi ntchito ya dzuwa, kapena kuti dzuwa likagonanso tulo tatitali lidzatiziziritsa. Manambala akukana. Kuyambira m'ma 1980 mphamvu ya dzuwa sinakwere, koma dziko lapitiriza kutentha, ndipo tsopano laposa ndi digiri imodzi ndi kanthu mmene linalili mafakitale asanachuluke. Lipoti la bungwe la IPCC la 2021 linaika gawo la dzuwa pa kusinthaku pafupi ndi ziro poyerekeza ndi utsi wa malasha, mafuta ndi nkhalango zotenthedwa. Georg Feulner ndi Stefan Rahmstorf a ku Potsdam anawerengera mu 2010 kuti tulo tina tonga ta Maunder tingachotse madigiri osapitirira 0.3 pofika chaka cha 2100.

Choncho mukadzamva kuti dzuwa lagona ndipo Ulaya aundana, mudzakumbukire khola. Dzuwa limakoka kapena kumasula luzi pang'ono, n'kuwonjezera kapena kuchepetsa mwayi woti ng'ombe zituluke, ndipo limachita zimenezi pamodzi ndi manja ena ambiri. Limathandiza kusankha munda umene chisanu chikadye chaka chimenecho. Kudziwa zimenezi n'kwaphindu, chifukwa mzinda wochenjezedwa miyezi ingapo chisanu chisanafike umakonzeratu magetsi, misewu ndi zipatala zake. Koma kutentha kumene kukuumitsa madambo athu ndi kulimbitsa anamondwe ochokera kunyanja kukuchokera pansi pano, m'manja mwa anthu, ndipo ndi m'manja momwemo mmene muli mphamvu yokuchepetsa.